Siteni si vanishi: musanagule tebulo, suzumirani kunsi

Anzanga, tebulo langa la "mlombwa" linandipusitsa. Nditalitembenuza posamuka, kunsi kunali koyera mbee. Kani ndi paini wopakidwa siteni!

Siteni imangosintha mtundu wa thabwa, siiteteza. Choteteza ku madzi ndi vanishi: kupaka kawiri kapena katatu, woyambayo akauma n'kupala pang'ono ndi sandipepa wosalala musanabwereze. Paini amamwa siteni mosafanana, pena kuda pena kuyera, ndiye apempheni akalipentala ayambe ayesa pa kachidutswa. Mlombwa ndi mbawa weniweni, kwa ine, kupaka siteni n'kuwononga chabe. Vanishi woonekera akwanira.

Vanishi wa mafuta amachita chikasu pakapita nthawi. Wa madzi satero kwenikweni, komanso amauma msanga. Mpando wa pakhonde? Funsani wolembedwa "exterior", chifukwa winayo padzuwa sachedwa kusendeka.