Za Muyeso wa Phokoso m'Mudzi wa New York

Mlandu wa phokoso ngwobvuta kuweruza. Cimanga tiyesa ndi mtanga, nsaru tiyesa ndi mkono. Koma phokoso likamveka lapita, silisiya mapazi. Wodandaula ati, Sindinagone. Wosokosa ati, Sindinapfuule. Ndipo woweruza asowa pogwira. Tsono mverani, abale, umo anthu a ku New York, m'dziko la America, anapezera muyeso wace.

M'mudzi waukuru umenewo munali mai wina, dzina lace Julia Barnett Rice, amene anaphunzira za udotolo. Nyumba yace inayang'anana ndi mtsinje wa Hudson, m'mene zombo zazing'ono zokoka zinzace zinkaliza malipenga usiku wonse, kotero kuti odwala m'zipatala anasowa tulo. Maiyo anadziwa kuti dandaulo lopanda umboni silipita patali. Cifukwa cace analemba anyamata a sukulu yaikuru ya Columbia kuti awerenge kulira kwace. Iwo anapeza kuti usiku umodzi malipenga analira nthawi pafupifupi 3,000. M'caka ca 1906 iye anayamba bungwe loletsa phokoso lacabe, ndipo m'caka ca 1907 akuru a dziko anaika lamulo lakuti zombo zisalize malipenga popanda cifukwa.

Koma kuwerenga kokha sikunanene kukula kwa phokoso. Nzeru imeneyo inacokera kwa amisiri a lamya, amene anapanga cipangizo coyesera makutu a anthu ogontha. M'caka ca 1926 munthu wina, Edward Free, anayenda naco m'miseu. Ankaika cipangizoco kukhutu, nakweza kamau kace pang'ono pang'ono kufikira kamveka pakati pa phokoso la mseu. Ndipo pamene anakweza kwambiri, pomwepo panali phokoso lalikuru. Anapeza kuti magalimoto ndiwo anasokosa koposa. Muyesowo pambuyo pace unachedwa desibelo, kukumbukira Alexander Graham Bell wa lamya uja. Mawerengedwe ace ngodabwitsa: akaonjezeka madesibelo 10, mphamvu ya phokoso yacuruka kakhumi, ngakhale khutu limva ngati yacuruka kawiri kokha.

M'caka ca 1929 mkuru wa za umoyo m'mudzimo, Shirley Wynne, anasankha amuna ofufuza za phokoso. Iwo anasenzetsa galimoto zipangizo, nayesa m'malo 138, ndipo m'caka ca 1930 anasindikiza zimene anazipeza. Lamulo lina linatsata m'caka ca 1936, m'masiku a Fiorello La Guardia. Koma lamulo lochula malire a phokoso ndi madesibelo linadza m'caka ca 1972. Kuyambira kuwerenga kwa mai uja kufikira pamenepo zinapita zaka zoposa 60.

Nanga ife titolapo ciani? Asing'anga a makutu atiuza kuti wokhala masiku onse m'phokoso la madesibelo 85, maora 8 pa tsiku, agontha pang'ono pang'ono, ndipo khutu lofa motero silibweranso. Akumbukire ici wogwira nchito m'cigayo. Ndiponso muyeso usunga onse awiri: wodandaula amveka ngakhale ali mmphawi, ndipo woimbidwa mlandu satsutsidwa ndi mkwiyo wa mnansi wace. Komatu cipangizo ciribe cifundo. Cinayamba ndi mtima wa mai wokumbukira odwala osagona. Muyeso unadza pambuyo kudzacitira umboni.