Mphasa, Bokosi ndi Mpando kwa Kanyenda

Munthu akamanga nyumba kwa Kanyenda masiku ano, ngakhale malata akhomedwe ndi pansi pathiridwe simenti, sanena kuti ntchito yatha kufikira atapeza pokhazika mlendo. Ndipo pakutha pa mwezi mudzamuona pa Dwangwa, m'mbali mwa msewu wa M5, akuyenda pakati pa mabedi, matebulo ndi masofa amene akalipentala aika panja, nafunsa mtengo monga munthu wosafuna kugula. Tazolowera zimenezi kotero kuti tiziyesa za makolo, koma kugula katundu wa m'nyumba ndi mwambo wa dzulodzulo, umene unadza kuno pa njira zingapo, iliyonse ndi alendo ake.

Makolo a m'chigwa cha Dwangwa, pokhala m'nyumba zozungulira za mitengo ndi dothi, sanali kugula kanthu polowa m'nyumba yatsopano, pakuti zonse zofunika zinali kutuluka m'manja a abale: mphasa ya bango la kudambo, mkeka wa mlaza, mtsuko ndi miphika, mtondo ndi munsi wake, ndiponso mafuwa atatu. Mphasa yomweyo inali pogona usiku, pokhala alendo masana, poyanika ufa, ndipo tsiku lotsiriza inali kuperekeza mwini wake kumanda. Kampando kosema kanali ka mfumu kapena nkhalamba. Tizindikire kuti nyumba yozungulira siilandira bwino bedi kapena kabati, chifukwa zinthu zangodya zifuna khoma lowongoka. Motero katundu watsopano sakadalowa nyumba isanasinthe maonekedwe ake.

Oyamba kuonetsa nyumba zangodya zinayi m'mbali mwa nyanja muno anali Aswahili a Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, nakhala ndi makama a miyendo inayi olukidwa ndi zingwe. Koma popeza chuma chawo chinali cha minyanga ndi akapolo owolotsedwa m'zombo, anthu wamba anali kuona zinthuzo ali kutali ndi mwamantha. Amene anaika macheka ndi nyundo m'manja a ana a dziko lino ndiwo amishoni: a Livingstonia anafika ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dr Robert Laws anatsegula sukulu ya ku Khondowe yophunzitsanso za matabwa, chaka chomwecho a UMCA atakhazikika ku Nkhotakota. Mphunzitsi wa m'mudzi ndiye anayamba kusowa tebulo, popeza polemba m'kaundula pafunika pouma ndi posalala. Ndipo powerenga za mkazi wa ku Sunemu, amene anakonzera Elisa chipinda chokhala ndi kama, gome, mpando ndi nyali, Akhristu oyamba aja anapeza muyeso wa nyumba yolemekezeka. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumoko kanadulanso pena: mpando utalowa, bambo anakwera pamwamba, mayi ndi ana natsala pamphasa.

Pambuyo pake msonkho unatuma amuna ku Salisbury, ku Bulawayo ndi ku migodi ya ku Joni, ndipo wobwerako anali kutsika ndi bokosi lachitsulo laloko, limene linakhala kabati ya zovala, mosungira ndalama ndi mpando wa mlendo nthawi imodzi. Ulendo wa ku migodi wa Wenela unaimitsidwa ndi Kamuzu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri ochokera ku migodi. Koma posakhalitsa malipiro anadza okha kwa Kanyenda, pamene fakitale ya shuga ya Lonrho inayamba kugaya nzimbe ku Dwangwa mu 1979, yomwe inapita m'manja a Illovo mu 1997.

Pamenepo mpamene msika wa mipando unabadwa. Antchito ochokera m'maboma onse, ofika ndi chikwama chokha, opanda malume wowalukira mphasa kapena apongozi owaumbira mphika, anayenera kugula zonse ndi ndalama. Ndipo popeza malipiro sakwanira zonse pakamodzi, anagula monga tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha: mwezi uno bedi, wina matiresi, kenaka tebulo ndi mipando, masofa ndi kabati ya magalasi zikudikira chaka chabwino. Ambiri anali kuyamba ndi za pabalaza, iwo eni akugonabe pansi, pakuti kuchipinda sikulowa maso a anthu. Kalipentala anali kulandira theka la ndalama kuti agule matabwa, ndipo mawu ake akuti “bwerani mawa” anadanitsa anthu ambiri kuposa mikangano ya malire a minda.

Chimene chasintha koposa ndi mtengo weniweniwo. Tebulo la agogo linali la mlombwa kapena mbawa, mitengo imene chiswe chiichitira ulemu. Lero yasowa m'midzi, ndipo ina yotsala ili m'nkhalango ya Nkhotakota, imene African Parks yakhala ikulonda kuyambira 2015. Akalipentala atsalira paini wa ku Chikangawa ndi bulugama, nazipaka utoto wofiirira kuti zifanane ndi mbawa. Chifukwa chake wogula wochenjera amagadabuza tebulo, nakanda ndi chikhadabo kunsi kumene sikunapakidwe, nafunsa ngati thabwalo linauma lisanakhomedwe, pakuti laliwisi limang'ambika pofika dzuwa la Okutobala.