Mapepala a ntchito ya makompyuta m'Malawi muno

Kwa ambiri a ife kuno kwathu, ntchito ya makompyuta inabadwira m'chipinda cha olemba pa tayipi. Ife amene tinalowa mu ofesi zaka za m'ma 1980 tinapeza pepala lolemekezeka kwambiri lili la Pitman, lochokera ku Britain, losonyeza mawu amene munthu angatayipe pa mphindi imodzi. Tinkaika kaboni pakati pa mapepala awiri, ndipo kalata yofunika makope ambiri tinkaibaya pa stensulo n'kukaipukusa pa makina a Gestetner, manja onse bii ndi inki.

Makompyuta atayamba kulowa m'maofesi, palibe amene ankafunsa za digiri. Bwana ankangofunsa kuti, "Kodi mumawadziwa ma package?" Ankatanthauza WordPerfect, Lotus 1-2-3 ndi dBase. Timasukulu tophunzitsa zimenezi tinabuka pamwamba pa mashopu ku Limbe ndi ku Old Town ku Lilongwe, ophunzira atatu akulimbirana kompyuta imodzi, aliyense atasunga fulopi yake m'thumba la malaya. Ofuna kupita patsogolo ankalemba mayeso a ku Britain monga a IMIS kapena a NCC, amene sukulu ya boma ya NACIT inkaphunzitsa. Choncho pa ntchito imeneyi setifiketi ndiyo inabwera koyamba, digiri inaipeza pakhomo.

Yunivesite ya Malawi, imene inayamba kuphunzitsa mu 1965, sinali kutali ndi nkhaniyi. Ku Chancellor College, imene inasamukira ku Zomba mu 1973, maphunziro a kompyuta anakulira m'nthambi ya masamu, ndipo ndi komweko kumene Dr Paulos Nyirenda ndi anzawo anayendetsa imelo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kudzera pa waya wa telefoni. Intaneti yogulitsidwa kwa anthu wamba inadza ndi MalawiNet mu 1997. Apa zinthu zinatembenuka. Maofesi anafuna anthu olumikiza makompyuta, ndipo mapepala a makampani a ku America anatchuka: A+ ya CompTIA, MCSE ya Microsoft ndi CCNA ya Cisco, imene inayamba mu 1998. Mnyamata wa MSCE yekha, akakhala ndi CCNA, ankatha kulandira malipiro oposa a mphunzitsi amene anamuphunzitsa ku sekondale.

Kenaka madigiri anachuluka. Polytechnic, imene inasanduka MUBAS mu 2021, ili ndi ake, Yunivesite ya Mzuzu ili ndi ya ICT, ndipo MUST ku Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, inabweretsa ya chitetezo cha makompyuta. Lero malonda ambiri a ntchito m'nyuzipepala amayamba ndi digiri, setifiketi n'kuitchula kumunsi ngati chowonjezera.

Chimene zaka zimenezi zandiphunzitsa n'chakuti setifiketi imakalamba limodzi ndi makina amene inabadwira. Anzanga amene anagona ndi njala kuti alipire mayeso a MCSE anangomva kuti Microsoft yaithetsa mu 2021. CCNA imagwira ntchito zaka zitatu, kenaka imafunika kuikonzanso. Mayesowa mtengo wake ndi wa madola, ndipo kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri anayamba aimitsa kaye. Koma amene anamvetsa bwino mmene database imamangidwira, ngakhale anaphunzirira pa dBase, lero akugwirabe ntchito pa mapulogalamu amene kalelo kunalibe.

Digiri payokha nayo sikwanira. Ndalandirapo achinyamata okhoza bwino masamu ndi mapulogalamu, koma ndikawapatsa waya wa netiweki ndi chopanira kuti amange pulagi, mawaya asanu ndi atatu a m'kati mwake amawasokoneza mitundu, netiweki osayaka. Wa setifiketi amamanga pulagi yomweyo akucheza, koma vuto likakhala loti silinali m'buku la mayeso amayamba kuimbira anzake foni.

Mwana wa mlongo wanga atandifunsa chosankha, ndinamuuza kuti, "Iwe, yang'ana kaye ngati digiriyo ndi yovomerezeka ndi bungwe loona za maphunziro apamwamba la NCHE, ndiponso ngati muli masamu ndi kulemba mapulogalamu kokwanira. Setifiketi usaithamangire chaka choyamba, idzatha usanamalize sukulu. Ukapita ku atachimenti n'kuona makina amene akugwiritsa ntchito kumeneko, m'pamene udzadziwe mayeso oyenera madola a bambo ako."