Kusankha zitsamba zobzala pamalo a mthunzi

Musanagule mbande, yambani mwauona bwino mthunziwo. Pitani pamalopo m'mawa, masana ndi madzulo, muwerenge maola amene dzuwa limafikapo. Likamafika maola 3 mpaka 6 patsiku, mthunziwo ndi wopepuka. Likamafika maola osakwana 3, mthunziwo ndi wambiri ndipo zitsamba zochepa zokha ndi zimene zingapirire.

Kumbukirani kuti mthunzi umasuntha ndi nyengo. Kuno ku Malawi dzuwa limapendekera kumpoto mu Juni ndi Julayi, choncho mbali ya kummwera kwa nyumba imakhala pamthunzi, koma pofika Disembala dzuwa limaombapo. Mtengo wa msangu nawo umayoyola masamba nthawi ya dzinja, pomwe mango sayoyola chaka chonse.

Pansi pa mtengo waukulu, chimene chimapha zitsamba kawirikawiri si mthunzi koma kusowa madzi. Masamba a mango amatchinga mvula, ndipo mizu yake imayamba kumwa chinyezi chitsamba chanu chisanalawe. Pansi pa bulugamu ndiye musadzivute n'komwe. Bzalani kumapeto kwa nthambi, osati pafupi ndi tsinde, ndipo mukapeza muzu waukulu pokumba, sunthani dzenje m'malo moudula.

Ngati muli kumalo okwera ndi ozizira monga Misuku, Mzuzu kapena Thyolo, khofi wa Arabica amachita bwino pamthunzi wopepuka. Tsabola wa kambuzi amapiriranso mthunzi wotere, ngakhale amabereka pang'ono poyerekeza ndi wa padzuwa. Pa zokongoletsa pakhomo, croton amamera, koma mthunzi ukachuluka masamba ake amataya mawanga n'kungobiriwira. Brunfelsia amapatsa maluwa oyamba ofiirira kenako n'kuyera. Dziwani kuti ali ndi poizoni, makamaka zipatso zake, choncho musamubzale pomwe ana ndi agalu amasewera. Hydrangea ndi wa okhawo amene ali ndi madzi othirira mu Okutobala.

Bougainvillea amafuna dzuwa lambiri. Pamthunzi amangochulutsa masamba ndi minga. Lantana musamubzale: amafalikira msanga m'minda ndipo amadwalitsa ng'ombe zikamudya.

Kumbani dzenje la masentimita 60 mulifupi ndi 60 kuya, musakanize dothi lapamwamba ndi manyowa owolerana. Bzalani mvula ikakhazikika. Phimbirani pansi ndi udzu wouma, koma usakhudze tsinde kuopa chiswe, ndipo muzithirira m'chilimwe choyamba chonse mpaka mvula itabweranso.