Mayeso a Laisensi Anatsalira Kumbuyo kwa Mseu

Ambiri a inu munabadwa UBZ itafa kale. Iyi inali kampani ya boma ya mabasi, United Bus Company of Zambia, ndipo inatsekedwa mu 1995. Dilaiva wa basi masiku amenewo anali wanchito wa kampani, wa malipilo a pamwezi, wokhala ndi omuyang'anila.

Boma la a Chiluba litatsegula malonda, maminibasi anadzaza Lusaka ndi Kitwe, ndipo sukulu yeniyeni ya udilaiva inasamukila pa siteshoni. Mnyamata ayamba monga kondakitala, m'mawa alizako injini, madzulo abwezako basi kumbuyo, caka cisanathe ali pa siteling'i. Amene anamuphunzitsa ni dilaiva wothamangila keshing'i ya mwini basi. Luso la manja analipeza, sitikana. Koma pamodzi nalo anatolanso kuima paliponse ndi kupyola mnzake pa kona. Kenaka kunabwela motoka zakale zocokela ku Japan, zambili za otomatiki, ndipo mabanja amene sanalotepo motoka anayamba kufuna laisensi.

Lamulo la pamseu la 2002 ndilo linabala RTSA. Ngakhale n'telo, funsani aliyense amene akonzekela mayeso lelo cimene cimusowetsa tulo. Adzakuuzani za makoni: kubwelela kumbuyo osagwetsa ngakhale imodzi. Masukulu naonso athela mafuta pamenepo, pakuti ndipo pamene ophunzila amagwela.

Koma makoni sapha munthu. Pa 7 February 2013, basi ya Post Bus yocoka ku Ndola inagundana ndi thilaki ku Chibombo, pa Great North Road, ndipo anthu opitilila 50 anafa. Mu 2016 boma linaletsa mabasi kuyenda usiku, kucokela 21:00 mpaka 05:00. Linasintha nthawi ya ulendo, njila yopangila dilaiva inatsala momwemo.

Ife tikuti mayeso alimbe, koma alimbile pa zinthu zimene zitipha. Kuonjezela makoni kudzangokweza mtengo wa ziphuphu. Woyesedwa atuluke m'tauni, woyesa aone ngati adziwa kudikila kumbuyo kwa thilaki pa mseu wopapatiza, aone mtunda umene asiya pakati pa motoka yake ndi yakutsogolo, aone cimene acita akafika pamene ana a sukulu awolokela. Ndipo wofuna kunyamula anthu ayambe waonetsa kuti wayendetsapo usiku ndi m'mvula, mphunzitsi ali pambali pake.