Malire a malipiro posinthana osewera hockey

Hockey ya pa madzi oundana, yomwe kuno ku Lago imangooneka pa kanema, ili ndi ligi yaikulu ya NHL ku Canada ndi United States. Mkangano wa eni matimu ndi osewera utalepheretsa sizoni yonse ya 2004-05, ligiyi inaika malire a ndalama zomwe timu ingalipire osewera ake: madola 39 miliyoni poyamba, 88 miliyoni mu 2024-25.

Malirewa amapweteka kwambiri kumayambiriro kwa Marichi, tsiku lotseka kusinthana osewera likayandikira. Timu yomwe yafika pamalire imakhala ngati bwato lodzaza pa doko la Metangula: kuti thumba lina likwere, lina litsike. Komabe ndalamazi zimawerengedwa tsiku ndi tsiku, choncho timu yomwe inasungako miyezi yoyambirira imatha kutenga katswiri wodula. Timu yomupereka ingavomerenso kumalipirabe mpaka theka la malipiro ake.

Mu 2021, Nikita Kucherov wa Tampa Bay Lightning anakhala panja sizoni yonse atachitidwa opaleshoni, n'kubwerera m'mpikisano wa Stanley Cup, momwe malirewo sankagwira ntchito. Timuyo inatenga chikhocho, ambiri n'kudandaula. Mgwirizano wa 2025 unafikitsa malirewa ku mpikisanowo.