Mantha Adzidzidzi mwa Ana: Kuwazindikira ndi Kuthandiza

Mantha adzidzidzi ndi vuto limene madokotala amalitcha panic attack. Mwana amene anali bwinobwino, kaya m'kalasi kaya pamphasa usiku, amangoyamba kunjenjemera, mtima kugunda kwambiri, thukuta kamukamu, kwinaku akubanika. Ena amamva chizungulire, dzanzi m'zala ndi kupweteka pachifuwa, ndipo amakhulupirira ndithu kuti akufa. Vutoli limafika pachimake m'mphindi 10, ndipo kawirikawiri limatha lisanakwane theka la ola. Limagwira kwambiri ana amene akutha msinkhu, makamaka atsikana.

Anthu a ku Hewe, amene minda yawo yayandikana ndi nkhalango ya Vwaza, amadziwa zimene thupi limachita munthu akakumana ndi njovu m'chimanga. Limatulutsa adrenaline m'magazi, mtima umathamanga, miyendo imakonzekera liwiro. Pa mantha adzidzidzi zimachitika zomwezo, koma njovu palibe. Dzanzi lija limabwera chifukwa chopuma mofulumira kwambiri. Nthawi zina chiyambi chake ndi maliro, mayeso a Sitandade 8, nkhanza kunyumba kapena kuchoka kwa makolo; nthawi zina chifukwa sichioneka konse.

M'boma la Rumphi ambiri akaona zotere amaganiza za vimbuza kapena ufiti. Choopsa n'chakuti pofunafuna wolodza amachedwa ndi mwana amene mwina ali ndi matenda ena. Wa mantha sakomoka kawirikawiri, amamva mukamamuyankhula. Koma ngati thupi latentha, akuphupha, wadziluma lilime kapena wadzikodzera, amenewo angakhale malungo aakulu kapena khunyu. Ngati pachifuwa pakulira popuma, mwina ndi mphumu. Wotere muthamangire naye kuchipatala.

Mantha akamugwira, balalitsani gulu la anthu. Kulira kwa amayi ndi kufuula kwa anzake kumangowonjezera moto. Munthu mmodzi amene mwanayo amamukhulupirira akhale naye pansi, amuuze ndi mawu otsika kuti, "Ndili pano, zimenezi zitha posachedwa." Apume naye limodzi, kukoka mpweya ndi mphuno powerenga mpaka 4, kuutulutsa pang'onopang'ono powerenga mpaka 6. Amufunse zinthu zimene akuziona pafupi, azitchula chimodzichimodzi. Musamuthire madzi, musamukalipire, musanene kuti akunamizira pothawa ntchito.

Cholakwa chimene makolo achifundo amachita, ndipo n'chomveka, ndicho kumusiyitsa sukulu chifukwa ndi kumene zinamuchitikira. Mantha amakula akamathawidwa. Abwerere ndithu, aphunzitsi atadziwitsidwa.

Zikachitika koyamba, mwana akapimidwe kuchipatala cha Katowo kapena cha boma ku Rumphi. Zikamabwerezabwereza, ku St John of God ku Mzuzu kuli aphungu ndi madokotala a matenda a maganizo. Uphungu wophunzitsa mwana kusaopa zizindikirozo umathandiza ambiri. Ngati pali nkhanza, imbani nambala yaulere ya ana, 116.